Kodi mbewu zamakolo ndi bowa wam'tchire tingazisunge m'firiji?

Funso

Ndine mphunzitsi wa zaulimi kusekondale. Tili pa mutu wa kuchuluka kwa mitundu ya zomera m'madera otentha, mwana wina anakweza dzanja n'kundifunsa kuti: ngati mbewu za haibulidi zimabereka kuposa zamakolo, ndipo akatswiri anasonkhanitsa kale zamakolozo n'kuziika m'nkhokwe zozizira, tikulira chiyani alimi akamazisiya? Anapitiriza kuti nayenso bowa masiku ano akulimidwa m'nyumba, ndiye wam'tchire akatha vuto lili pati? Ndinamuyankha, koma ineyo yankho langalo silinandifike pamtima. Ndithandizeni.

Yankho

Aphunzitsi, mwana ameneyo mumusamale, mutu wake ukugwira. Pomuyankha muyambe mwamuvomereza pamene walondola. Mbewu zamakono zimaberekadi, makamaka mvula ikagwa bwino ndipo feteleza alipo, ndipo zalanditsa anthu mamiliyoni ku njala. Ine sindingauze mlimi wa kamunda kochepa kuti akolole matumba atatu m'malo mwa khumi pofuna kuti ife ofufuza tikhale ndi zokaphunzira. Pamene ganizo la mwanayo latsimphina ndi apa: iye akuyesa kuti chamoyo chingasungike monga ndalama kubanki. Mbewu zina zimathekadi, koma mwapang'ono. Bowa wam'tchire wambiri satheka n'komwe.

Yambani naye ndi nthochi. Kufikira m'ma 1950, nthochi zimene zinkadzaza sitima zochokera ku Central America zinali za mtundu umodzi, Gros Michel. Nthochi yodya ilibe njere, imabzalidwa kuchokera ku mphukira, kotero minda yonseyo, mahekitala masauzandemasauzande, inali chomera chimodzimodzi chobwerezedwabwerezedwa. Fangayi (chamoyo cha m'gulu la bowa ndi nkhungu) wa m'nthaka wotchedwa Fusarium atapeza polowera m'mizu ya nthochi imodzi, anali atapeza polowera mwa zonse. Iye amatseka timitsempha tokweza madzi, nthochi n'kufota, kenako amatsalira m'dothimo zaka makumimakumi. Makampani anathawira ku mtundu wina, Cavendish, umene matendawo sankaugwira. Lero Cavendish nayo yakumana nazo: mtundu wina wa fangayi yemweyo, umene amautcha TR4, unasakaza minda ku Asia, unapezeka ku Mozambique mu 2013, n'kufika ku Colombia mu 2019. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo ofufuza akusakasaka chitetezo m'nthochi zam'tchire zodzaza njere, ndiponso m'mitundu mazanamazana imene alimi ang'onoang'ono a ku Papua New Guinea, Indonesia, India ndi Africa akhala akusunga m'minda mwawo.

Nkhani ya mpunga ndiyo imandikhudza kwambiri. Ku Odisha, kum'mawa kwa India, alimi a m'madambo osefukira ankalima mpunga wamakolo umene ofufuza anadzaupatsa dzina loti FR13A. Mpungawu ndi wobereka pang'ono, njere zakenso si zokopa pamsika. Mlangizi woyang'ana matumba okha akanauza alimiwo kuti ausiye. Koma uli ndi khalidwe limodzi losowa: madzi akaumiza, umangokhala phee, osakula, n'kumasunga mphamvu zake mpaka masabata awiri, pamene mpunga wina umadzitopetsa poyesa kutalika kuti utulutse mutu, n'kufa pasanathe masiku ambiri. Mu 2006 ofufuza anasindikiza za kachidutswa ka chibadwa kochititsa zimenezi, kotchedwa Sub1A, ndipo anakalowetsa mu mpunga wobereka kwambiri. Mu 2009 dziko la India linatulutsa Swarna-Sub1, umene lero ukulimidwa ndi alimi ochuluka m'madera osefukira. Zofanana nazo zinachitika m'ma 1970, pamene matenda opinimbiritsa mpunga anavuta ku Asia. Atayesa mitundu masauzande, chitetezo anakachipeza mu mpunga wam'tchire, Oryza nivara, wotoledwa ku Uttar Pradesh, ndipo chinalowa mu mpunga wamakono wotchedwa IR36 wa 1976, amene anadzafalikira pa mahekitala oposa 10 miliyoni. Kumapiri a Sierra Mixe ku Oaxaca, m'dziko la Mexico, kuli chimanga chamakolo chotalika mamita asanu, chochedwa kucha, chimene mizu yake ya m'mwamba mwa phesi imatulutsa zonanda. M'zonandamo mumakhala mabakiteriya otenga nayitirojeni mumpweya n'kudyetsa chimangacho. Asayansi anazilemba mu 2018, eni ake atachilima mibadwomibadwo pa nthaka yoguga.

Mwanayo amvetse ichi: haibulidi sagwa kumwamba. Wopanga mbewu salenga khalidwe latsopano, amangosankha ndi kukwatitsa zimene zilipo kale. Ndipo palibe amene amadziwiratu kuti zaka makumi awiri zikubwerazi tidzafuna khalidwe liti.

Iye adzati, n'chifukwa chake pali nkhokwe zija. Zoona, ndipo ine ndimazilemekeza kwabasi. Nikolai Vavilov, katswiri wa zomera wa ku Russia, anayenda m'mayiko oposa 60 kutola mbewu, ndipo ndi iye anasonyeza kuti mbewu iliyonse ili ndi kwawo, kumene mitundu yake imachuluka kopambana: chimanga ku Mexico, mbatatesi kumapiri a Andes kumene kuli mitundu yoposa 4,000, khofi ndi mapira ku Ethiopia. Munthuyu anafa ndi njala m'ndende ku Saratov mu 1943, ndipo anzake ena osunga nkhokwe ya mbewu ku Leningrad anafanso ndi njala pa nthawi ya nkhondo atazunguliridwa ndi mapaketi a mpunga ndi mtedza amene anakana kudya. Lero bungwe la IRRI ku Philippines likusunga zitsanzo za mpunga zoposa 130,000, la CIMMYT ku Mexico za chimanga pafupifupi 28,000, ndipo nkhokwe ya ku Svalbard, zilumba zozizira za dziko la Norway, imene inatsegulidwa mu 2008, imasunga zitsanzo zoposa miliyoni imodzi pa kuzizira kwa madigiri 18 pansi pa ziro. Nkhondo itasokoneza nkhokwe ya ku Aleppo ku Syria, mu 2015 eni ake anakatenganso mbewu zawo ku Svalbard n'kukazichulukitsa ku Lebanon ndi ku Morocco. Ntchito yake inaoneka.

Koma taonani zimene nkhokweyo imakanika, ndipo zambiri mwa izo ndi za m'madera otentha. Njere za koko, mango ndi mapeyala zimafa zikangouma kapena kuzizira. Chinangwa, nthochi, zilazi ndi mbatata zimabzalidwa ndi mitengo, mphukira kapena mabatata, kotero ziyenera kukhala zamoyo m'munda kapena m'timabotolo tam'labotale, monga amachitira ku Leuven m'dziko la Belgium kumene akulera zitsanzo za nthochi zoposa 1,500. Magetsi kapena ndalama zikasowa kwa nthawi, ntchito ya zaka zambiri imatha. Ngakhale chimanga chouma bwino chimafunika kuchitulutsa pakapita zaka, kuchibzala ndi kukololanso, apo ayi chimaleka kumera.

Chachikulu n'chakuti mbewu ya m'firiji imaima pamene inalowera. Ya m'munda imayendabe. Chaka chilichonse mlimi akamasankha ngala kapena chisononkho choti asunge, ndiye kuti wasankha chimene chapirira mvula ya chaka chimenecho, tizilombo ta chaka chimenecho, dothi lomwelo. Anthu a mtundu wa Makushi a ku Guyana, ku South America, amabzala chinangwa ndi mitengo ngati wina aliyense, koma akatentha munda watsopano, njere za chinangwa zimene zinagona m'nthaka zimamera zokha. Iwo sazizula. Amazisiya zikule, n'kusankhapo zooneka bwino, n'kudula mitengo yake kuphatikiza ku mbewu zawo. Mwa njira imeneyi chomera chimene chikanangokhala chobwerezabwereza chimalandira magazi atsopano. Umo ndi momwe anthu ena a m'chigwa cha Amazon anafikira pokhala ndi mitundu ya chinangwa yoposa 100, uliwonse ndi dzina lake. Paketi ya ku Svalbard ili ndi nambala, dziko ndi tsiku. Simulembedwa kuti mtundu uwu sufumbwa msanga m'nkhokwe, uwu umacha njala ili pachimake, uwu mbalame siziukonda, uwu umafuna dothi la kumunsi kwa phiri. Zimenezo zili m'mitu ya olima, kawirikawiri amayi, ndipo mtundu ukasiyidwa zaka khumi zimapita nawo limodzi.

M'mabuku mudzapeza chiwerengero chakuti 75 peresenti ya mitundu ya mbewu inatayika m'zaka za m'ma 1900. Muwauze ana kuti n'chongoyerekeza, chifukwa panalibe amene anawerenga mitundu yonse poyamba. Chodalirika ndi chimene bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, la FAO, linalemba mu 2019: mwa zomera pafupifupi 6,000 zimene anthu alimapo kuti adye, zosakwana 200 ndizo zimalimidwa mochuluka, ndipo 9 zokha zimapereka 66 peresenti ya zokolola zonse za padziko.

Sikuti mlimi ayenera kusankha mbali imodzi. Ku Yunnan, m'dziko la China, mu 1998 ndi 1999 alimi masauzande anabzala mzere umodzi wa mpunga wawo wamakolo wonanda pakati pa mizere ya haibulidi. Mpunga wamakolowo unkagwidwa kwambiri ndi fangayi wowauka masamba ndi ngala. Atausakaniza chomwechi, matendawo anachepa ndi 94 peresenti, zokolola zake zinakwera ndi 89 peresenti poyerekeza ndi pamene unabzalidwa wokha, ndipo alimiwo analeka kupopera mankhwala. Haibulidi anakhala ngati mpanda wa mnzake.

Tsopano bowa. Apa mwanayo wasocheretsedwa ndi maso, monga timachitira tonse. Chimene timazula ndi chipatso chabe. Thupi lenileni ndi ulusi woyera wopyapyala umene umayanga m'dothi, m'chipika kapena m'mizu, chaka chonse, mvula ikugwa kapena ayi. Ofufuza a kumunda wa zomera wa Kew ku London mu 2023 anayerekeza kuti padziko pali mitundu ya mafangayi pafupifupi 2.5 miliyoni, koma yopatsidwa mayina ndi pafupifupi 155,000 yokha, ndipo yosadziwikayo yambiri ili m'madera otentha. Funso lofunika pa bowa aliyense ndi lakuti ulusi wake umadya chiyani.

Bowa wolimidwa m'nyumba, monga wa oyisitala kapena amene ku Asia amamulima pa mapesi a mpunga, amadya zowola. Mukam'patsa utuchi, mapesi kapena makoko, iye zake zayenda. N'chifukwa chake amalimika. Koma wam'tchire wokoma uja wambiri sadya zowola ayi. Ulusi wake umakuta nsonga za mizu ya mitengo yamoyo. Mtengo umam'patsa shuga wopangidwa m'masamba, iye n'kumaupatsa madzi ndi fosiforasi zimene watola kutali kumene muzu sukanafika. Nkhalango za miombo, zimene zatenga malo okwana masikweya kilomita 2.7 miliyoni kuyambira ku Angola mpaka ku Tanzania ndi Mozambique, zaima pa ubale umenewu. Mombo, mchenga ndi msuku ndiyo mitengo yake, ndipo manyame ndi ndelema amamera pansi pa mitengo yotereyi. Ku Borneo, Malaysia ndi Thailand, mitengo ikuluikulu ya banja la Dipterocarpaceae ili ndi ubale womwewo ndi bowa wake. Mpaka lero palibe amene akulima manyame m'matumba n'kumagulitsa, ngakhale kumayiko kumene bowayu ndi wodula kwambiri, chifukwa m'thumba simungalowe mtengo wa zaka makumi atatu. Kudalirana kwake n'kwa mbali zonse ziwiri. Ku Puerto Rico mitengo ya paini inkangopinimbira n'kufa m'nazale mpaka m'ma 1950, pamene anthu anabweretsa dothi lapansi pa paini lochokera ku North Carolina. M'dothimo munali ulusi wa bowa wake, ndipo mitengoyo inanyamuka.

Gulu lachitatu ndi limene ana anu adzalikonde: bowa wapachulu. Mlimi wake ndi chiswe. Mitundu ya chiswe pafupifupi 330, ya ku Africa ndi ku Asia kokha, imatafuna udzu ndi mitengo youma, n'kumanga nazo zisa zonga siponji m'kati mwa chulu, n'kubzalapo fangayi wotchedwa Termitomyces. Fangayiyo amagaya zimene mimba ya chiswe singagaye, chiswe n'kumadya timibulu toyera timene iye amatulutsa pamodzi ndi chisa chokhwimacho. Chulu chimasunga kutentha ndi chinyezi mosasinthasintha, ndipo chiswe chimapalira munda wakewo kuti nkhungu zina zisalowe. Ulimi umenewu unayamba m'nkhalango za mu Africa zaka pafupifupi 30 miliyoni zapitazo. Mvula ikagwa, fangayiyo amatumiza phesi lalitali longa muzu kuchokera pachisa, kuboola dothi louma gwa, mpaka kutulukira kunja. Wamkulu mwa onse, Termitomyces titanicus, chisoti chake chimatha kufika mita imodzi m'mimba mwake. Asayansi anamulemba m'mabuku mu 1980 kuchokera ku Zambia, David Pegler ndi Graham Piearce, pamene anthu a kumeneko anali atamudya kuyambira kale. Ndimaitchula nkhaniyi kawirikawiri: ngati bowa wamkulu ngati ambulera anakhala osalembedwa mpaka 1980, nanga ting'onoting'ono? Wothira mankhwala pachulu wapha mlimi ndi munda wake womwe.

Ndiye chimene chimatha bowa wam'tchire n'chiyani? Anthu ambiri amaloza chala ozula, koma ku Switzerland anachita kafukufuku wa zaka pafupifupi 30, wosindikizidwa mu 2006, ndipo anapeza kuti kuzula kapena kudula bowa chaka ndi chaka sikunachepetse bowa womera m'zaka zotsatira. Chimene chinkachepetsa ndi kupondaponda dothi. N'zomveka, popeza wothyola mango sapha mtengo. Chopha bowa ndi nkhwangwa, uvuni wa makala, moto woopsa wa kumapeto kwa chilimwe, ndi khasu lozula zitsa. Mombo ukadulidwa umaphukiranso pachitsa, mizu ikhalabe yamoyo, ndipo ulusi umakhala ndi pogwira. Chitsa chikazulidwa, zatha. Kubzala bulugamu kapena paini pamalopo kumabweretsa mitengo, koma mitengo imeneyi imadza ndi bowa wakwawo, ndipo wakale uja sabwerera. Pa bowa wapachulu pokha ine ndimalangiza kusiyako wina kuti atambasuke, chifukwa zulu zatsopano zambiri zimapeza mbewu ya munda wawo kuchokera ku fumbi limene bowa wokhwima amamwaza.

Mitu iwiri ya funso lanu imakumana pansi pa nthaka. Mbewu zambiri zam'munda zili ndi mafangayi ake osaoneka amene amalowa m'mizu, ndipo chinangwa, chokhala ndi mizu yochepa, chimawadalira kwambiri pofuna fosiforasi. Iwowa ndi mbali ya chinsinsi chake chobereka pa dothi losauka. A Sanöma, a mtundu wa Yanomami kumalire a Brazil ndi Venezuela, amazula bowa wa mitundu yoposa 10 pa zipika zowola za m'minda yawo ya chinangwa, kotero munda umodzi umabereka kawiri. Ku Mexico, fangayi wotupitsa njere za chimanga n'kuzidetsa, amene alimi a mayiko ena amamutentha ngati matenda, amadyedwa ndipo amagulidwa modula kuposa chimangacho. Dzina lake ndi huitlacoche. Chimene chili matenda kwa wina n'chakudya kwa wina, kutengera nzeru zimene anthuwo anasiyirana.

Nzeru zimenezo pa bowa ndi nkhani ya moyo ndi imfa, ndipo apa ndikupemphani mulankhule ndi ana mosapita m'mbali. Palibe lamulo lachidule lodziwira bowa wapoizoni. Zakuti wodyedwa ndi tizilombo ndi wabwino, kapena kuti kuwiritsa ndi kuumitsa kumachotsa ululu, ndi zabodza zimene zaika anthu m'manda. Ndelema wodyedwayo ndi wa banja la Amanita, limodzimodzi ndi Amanita phalloides, amene wapha anthu ambiri kuposa bowa wina aliyense. Poizoni wa Amanita phalloides ndi wachinyengo: munthu amakhala bwinobwino maola 6 mpaka 24, kenako kusanza ndi kutsegula m'mimba, kenako amaoneka ngati wachira, pamene chiwindi chikuwonongeka. Aliyense amene wayamba kudwala patapita maola ambiri chidyereni bowa athamangire kuchipatala tsiku lomwelo, atatenga wotsala. Anthu ochokera ku Asia afa ku California ndi ku Australia atayesa Amanita phalloides kuti ndi bowa wa pa mapesi a mpunga wakwawo, chifukwa kudziwa bowa kumagwira ntchito m'nkhalango imene munthu anaphunzirira. Ku Yunnan anthu pafupifupi 400 anafa mwadzidzidzi m'nyengo zamvula pa zaka zoposa 30, mpaka mu 2010 pamene ofufuza analoza kabowa kakang'ono koyera, Trogia venenata, kamene kanali kasanalembedwe n'komwe.

Ngati mukufuna kuti phunziroli liwakhale, atumeni ana akafunse achikulire mayina a mitundu ya mbewu imodzi yokha, ndi chifukwa chimene uliwonse umasungidwira kapena unasiyidwira. Mvula ikayamba, pitani nawo kutchire pamodzi ndi munthu wodziwa bowa wa dera limenelo. Bowa aliyense amuzule ndi tsinde lake lomwe, popeza chikho chimene chimakhala kunsi kwa tsinde la Amanita chimabisala m'dothi, ndipo alembe tsiku, dzina limene wamkuluyo wanena, ndi mtengo kapena chulu chimene chili pafupi. M'kalasi adule chisoti, achivundikire papepala, theka loyera theka lakuda, n'kuphimba ndi kapu usiku wonse. M'mawa adzapeza fumbi la mbewu zake litajambula timizere tonse. La bowa wa pa mapesi a mpunga ndi lofiirira, la Amanita ndi loyera, ndipo likatuluka lobiriwira ameneyo ndi Chlorophyllum molybdites, womera pa kapinga ndi m'mabusa m'madera otentha ambiri, amene amafanana ndi bowa wodya koma amasanzitsa koopsa. Bowa wa phunziroli asalawidwe ndi aliyense, ndipo akamaliza asambe m'manja.